Buku limene mmodzi wa ife anakana kulitsegula

Nditaona dzina la tauni pa tsamba loyamba ndinaganiza kuti maso akundinamiza, poti ndinali nditangoweruka shifiti ya usiku. Sterling. Ine ndimakhala ku Stirling kuno ku Scotland, kusiyana kwake chilembo chimodzi basi. Ndinapukuta magalasi ndi mpango n'kuyang'ananso. Inali Sterling ya ku New Hampshire, ku America, tauni yongopeka imene Jodi Picoult anaiumba kuti aikemo nthano yake yaitali ya Nineteen Minutes, yomwe inatuluka mu 2007. Ndinatseka bukulo n'kuyang'ana panja pa basi. Kuchokera pamene ndinali kukafika ku Dunblane ndi makilomita 10 okha. Pa sitima ndi ulendo woti tiyi wa m'kapu sangazizire.

Gulu lathu lowerenga mabuku limakumana kamodzi pamwezi, Lachitatu madzulo, m'kachipinda ka kulaibulale. Tikakwana timakhalapo 8. Ine ndinalowamo chifukwa cha mdima. Amene munakhalako kuno mukudziwa kuti mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo ukapanda chokutulutsa m'nyumba umayamba kucheza ndi ketulo. M'gulumu muli bambo wina amene anapuma pa uphunzitsi, amayi awiri apachibale amene amatsutsana pa chilichonse, mtsikana wa ku Leeds amene akuphunzira ku yunivesite, ndi mayi wina wachikulire amene sabwera chimanjamanja, nthawi zonse amanyamula kachitini ka mabisiketi ophika okha. Ndingowatchula kuti Mayi a mabisiketi. Wakuda ndine ndekha, ndipo anazolowera kale kundifunsa kuti "nanga kwanu zimakhala bwanji?" ngati kuti Malawi yense ndinabwera naye m'chikwama.

Bukuli anasankha ndi mtsikana wa ku Leeds uja, mu Januwale. Atangofotokoza kuti likukamba za mnyamata amene anawombera anzake kusukulu, m'chipinda munangoti zii. Wina anakhosomola. Wina anayamba kufunafuna chinthu chosadziwika m'chikwama. Palibe anakana, poti anthu a kuno kukana pamaso amakutenga ngati mwano, amangoti "chabwino" milomo atakunga. Mtsikanayo anabadwa 1996 itadutsa kalekale. Inenso, ukulu wonsewu, Dunblane ndinkangoidziwa kuti ndi kwawo kwa Andy Murray, katswiri wa tenesi uja, kumene kuli bokosi la makalata lopakidwa utoto wagolide chifukwa cha mendulo imene anapambana pa Olympics ya 2012. Ndinajambulitsapo pabokosipo ndi mwana wanga, tonse mano panja. Za sukulu ndinali nditamvapo patalipatali, monga mmene umamvera ngozi ya basi ya kudera lina.

Aphunzitsi aja ndi amene anandifotokozera tikudikira basi. Pa 13 Malichi 1996, m'mawa, bambo wina wa zaka 43 analowa pasukulu ya pulayimale ya Dunblane atatenga mfuti zinayi za m'manja, zonse zokhala ndi chilolezo. Analunjika m'holo ya masewera olimbitsa thupi, mmene munali ana a kalasi yoyamba, a zaka 5 ndi 6. Anapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo, Gwen Mayor, kenako anadziwombera yekha. Zonsezi sizinakwane n'komwe mphindi 5. Andy Murray ndi mkulu wake Jamie anali ana a pasukulu yomweyo. Holo ija anaigumula patangopita milungu yochepa n'kudzalapo maluwa. Amayi ena a m'derali anayambitsa kampeni yothetsa mfuti imene anaitcha Snowdrop, dzina la timaluwa toyera timene timatuluka nyengo yozizira isanathe, ndipo anthu opitirira 700,000 anasaina. Pofika kumapeto kwa 1997 nyumba ya malamulo ku London inali italetsa anthu wamba kukhala ndi mfuti za m'manja pafupifupi zonse.

"Ndiye mayi athu a mabisiketi aja," anatero aphunzitsiwo basi ikuima, "akhala ku Dunblane chikwatiwireni."

Bukuli ndinaliwerenga milungu itatu, makamaka kuntchito. Ndimagwira kunyumba yosamalira okalamba, ndipo pakati pa 2 ndi 4 koloko usiku, ukamaliza kutembenuza ogona ndi kulemba malipoti, pamakhala kampata. Nkhani yake ndi iyi: Peter Houghton, wa zaka 17, analowa pasukulu yake ya sekondale ndi mfuti, ndipo m'mphindi 19 anapha anthu 10. Wolemba amayamba ndi tsiku lomwelo, kenako abwerera m'mbuyo zaka zambiri, abwera kutsogolo, abwereranso, ngati mayi wopeta amene akufuna kuti mankhusu onse atuluke. Muli Josie, mnzake wa Peter wa paubwana, amene atakula anamutaya n'kukalowa gulu la ana otchuka pasukulupo. Amayi a Josie ndi oweruza milandu. Amayi a Peter, a Lacy, ndi azamba. Bambo ake ndi katswiri wa zachuma amene amafufuza chimene chimapatsa anthu chimwemwe, nthabwala yowawa imene wolembayo anaitsindika mpaka kupyoza pepala, koma ndinamukhululukira.

Masiku oyamba mtima wanga unali pa Lacy. Mayi amene manja ake azolowera kulandira makanda a anthu, wathamangira kusukulu limodzi ndi makolo ena kukafunafuna mwana wake, akupempha kuti amupeze wamoyo, n'kukamva komweko kuti wowomberayo ndi iyeyo. Ndipo pambuyo pake amapitabe kundende kukamuona. Kwathu timati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma palibe anatisiyira mwambi wogwiritsa ntchito zinthu zikatembenuka, mwana wako akakhala kuti ndiye wagwetsa maliro 10 pamudzi. Ine ndili ndi mnyamata wa zaka 14. Ndikafika kunyumba m'mawa ndinkaima pakhomo la chipinda chake ndisanavule jekete, kumvetsera. Amayankhula Chingerezi cha kuno chothamanga, chimene akamacheza ndi anzake pa foni theka lake limandipitirira. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndimamudziwa, kapena ndimangodziwa saizi ya nsapato zake.

Kenako usiku wina ndinafika pa masamba ena. Tsiku loyamba la Peter kupita kusukulu ali kamwana, ana akuluakulu m'basi anamulanda kabokosi kake ka chakudya n'kukaponya pawindo. Zinayamba choncho ndipo sizinasiye. Ku sekondale, kalata yachikondi imene analembera Josie pa imelo inamwazidwa kwa sukulu yonse, kenako anamuvula buluku m'chipinda chodyera anthu onse akuona. Josie anali pomwepo. Nditafika apo ndinatseka buku, ndinapita kukhitchini n'kuyamba kutsuka makapu otsukatsuka. Mnzanga wa ku Zimbabwe amene tinali naye pashifiti anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Ndinati ayi, ndi buku chabe. Za makapuwo ndizibwerera.

Tsiku lokumana linali mu Febuluwale, kunja kukuwaza kamvula kozizira kolowa mpaka m'mafupa. Mayi a mabisiketi anabwera. Anaika chitini pakati pa tebulo monga mwa nthawi zonse, anaika buku pambali pake, n'kukhala manja atapinda.

Amayi apachibale aja anayamba nthawi yomweyo. Wamkulu anati Peter ndi chilombo, ndipo wolembayo walakwa kutichititsa kumumvera chisoni. Wamng'ono anati sukulu ndi imene inayamba kumupha pang'onopang'ono kwa zaka 12, aphunzitsi akuona. Aphunzitsi athu, amene sakonda kuti ntchito yawo inyozedwe, anatulutsa kapepala. Anati pambuyo pa za ku Columbine, sukulu ya sekondale ya ku America kumene anyamata awiri anapha ana 12 ndi mphunzitsi mmodzi pa 20 Epulo 1999, a Secret Service, amene amateteza pulezidenti, ndi unduna wa zamaphunziro ku America anafufuza zochitika 37 za mtundu umenewu n'kutulutsa lipoti mu 2002. Anapeza kuti palibe nkhope imodzi ya mwana wowombera anzake: ena anali anzeru m'kalasi, ena ayi, ena anali ndi anzawo, ena analibe. Ambiri ankadziona kuti akuzunzidwa ndi anzawo, zoona. Koma chimene chinawakhudza aphunzitsiwo n'chakuti nthawi zambiri panali wina amene ankadziwiratu kuti chinachake chikukonzedwa, ndipo winayo kawirikawiri ankakhala mwana mnzake.

Mtsikana wa ku Leeds anati chimene chimamuopsa n'chakuti bukuli linatuluka 2007, koma zoopsa kwambiri zinabwera pambuyo pake. Anatchula sukulu zina za ku America komweko: ku Sandy Hook mu 2012 anaphedwa ana 20 a zaka 6 ndi 7 pamodzi ndi akuluakulu 6. Parkland mu 2018, anthu 17. Uvalde mu 2022, ana 19 ndi aphunzitsi awiri, apolisi ataima panja pa kalasi kupitirira ola lathunthu. Anati ana a ku America amaphunzitsidwa kukhoma chitseko, kuzimitsa magetsi ndi kubisala chete, monga mmene a kuno amaphunzitsidwira kutuluka pamzere belu la moto likalira. Anawonjeza kuti m'chaka cha sukulu cha 2023 mpaka 2024, bungwe la olemba mabuku la PEN America linapeza kuti bukuli ndi limene linachotsedwa kwambiri m'malaibulale a sukulu za kumeneko, ndipo wolembayo akuti chifukwa chake si mfuti koma tsamba limodzi lokamba za kugonana. Tinaseka kuseka kosakoma.

Inenso ndinayankhulapo. Ndinati chimene chinandisokoneza ndi loya wa Peter, amene m'khoti anati mnyamatayo anali atavulala m'maganizo chifukwa cha nkhanza za zaka zambiri, mofanana ndi mkazi amene wamenyedwa ndi mwamuna wake mpaka tsiku lina n'kutenga mpeni. Ndinati mfundoyo inandikoka, ndipo ndinakwiya kuti yandikoka.

Tinakamba choncho pafupifupi ola. Kenako Mayi a mabisiketi anakankhira buku lawo pakati pa tebulo. Kapepala ka kulaibulale kanali pomwe anakaika tsiku lobwereka, pansi pa chikuto.

"Ine sindinaliwerenge," anatero mosakweza mawu. "Koma ndakumverani. Mnyamatayo mukumudziwa bwino. Mukudziwa amayi ake, bambo ake, kabokosi kake ka chakudya. Tanditchulireniko mayina a ana amene anafa."

Tinayang'anana. Tinatchula mmodzi, Matt, chibwenzi cha Josie, ndipo ameneyo tinamukumbuka chifukwa anali wankhanza. Wamng'ono wa apachibale aja anatsegula buku kufuna kusaka, mkulu wake n'kumugwira dzanja.

Mayi a mabisiketi anati kwawo ku Dunblane dzina la bambo wa mfuti uja anthu ambiri salitchula, ndipo inenso pano sindilitchula. Sanali mwana wovutitsidwa m'basi, anali bambo wamkulu wa mfuti za chilolezo. Anati kwa zaka zambiri alendo ankabwera ndi funso limodzi, loti n'chifukwa chiyani anachita zimenezi, ngati kuti yankho lake likapezeka wina adzuka kumanda. Kenako anatiuza chimene sindikuganiza kuti anakonzekera kunena. Mwana wawo wamkazi anali pasukulupo tsiku limenelo, m'kalasi ina. Iwo anamva ali kuntchito, anathamanga, anakaima pagulu la makolo kunja kukuzizira, osadziwa kuti kalasi yake ndi iti. Makolo a kalasi ija anawapatula n'kuwatengera kwina, ndipo anadikira maola ambiri asanauzidwe. Mwana wa mayiwa anatuluka wamoyo, wopanda bala.

"Ndinamunyamula ngakhale anali wamkulu," anatero. "Ndinkaseka. Ndinadutsa pamaso pa anthu ndikuseka, pakamwa posatsekeka. Ena mwa anthu amenewo ndimakumana nawo m'sitolo mpaka lero. Mwana wanga ali ndi ana ake tsopano, ndipo kunyumba kwake sikulowa mabaluni. Zimenezo anapita nazo kwa madokotala, zili ndi dzina. Koma kuseka kwanga kuja kulibe dzina, ndipo sindikuganiza kuti kuli m'buku lanulo."

Mtsikana wa ku Leeds anali akulira, akupepesa. Mayiwo anatsegula chitini n'kumukankhira. "Idya mwanawe, sunalakwe. Kuti unakula osadziwa, ndi chimene tinkamenyera."

Tinabalalika msanga tsiku limenelo. Buku la mwezi wotsatira tinasankhira pa WhatsApp.

Ndakhala ndikuganiza za mawu aja akuti zili ndi dzina. Dzinalo ndi PTSD, matenda a maganizo amene amatsalira munthu akadutsa m'zoopsa, ndipo si lakale kwenikweni: madokotala a za maganizo ku America analilemba m'buku lawo la matenda mu 1980, asilikali obwera kunkhondo ya ku Vietnam atavutika zaka zambiri osamvetsedwa. Kuntchito anatiphunzitsako pang'ono. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kuchenjeza za ngozi. Ine ndimakayerekeza ndi galu wa pakhomo amene anapulumuka m'kamwa mwa fisi. Kuyambira tsiku limenelo amauwa tsamba likagwa, amauwa mwini nyumba akatsokomola, ndipo kumuuza kuti fisi anapita kalekale n'kutaya nthawi. Munthu amalota zomwezo, amadzidzimuka chitseko chikamenyeka, amazungulira njira yaitali kupewa malo ena. Tili ndi agogo ena kuntchito amene anali kamwana ku Clydebank pamene ndege za Germany zinaphulitsa tauniyo mu Malichi 1941. Mayina a ana awo anaiwala. Koma pa 5 Novembala, anthu akayamba kuphulitsa makombola a chikondwerero, timawapeza akuyesa kulowa pansi pa tebulo ndi mawondo awo a nyamakazi.

Apa ndi pamene ndinayambana nalo bukuli. Josie amakhala nthano yonse akunena kuti sakukumbukira zimene zinachitika m'chipinda chimene anamupezamo atakomoka. Ndinamukhulupirira, chifukwa kuiwala kotero kulipo ndithu. Koma kumapeto, m'khoti, zimadziwika kuti pansi pa kuiwalako panali chinsinsi, ndipo chinsinsicho chikatuluka nthano imatsekeka bwinobwino ngati chitseko cha kabati. Sindiulula, ena mwina mudzaliwerenga. Ndingoti ndinamva ngati andibera. Wolemba anatenga bala lenileni n'kulisandutsa msampha wogwirira owerenga. Agogo a ku Clydebank alibe chinsinsi choti chikatuluka adzagona tulo pa 5 Novembala.

Atandifunsa tsiku lina kuti nanga kwanu zimakhala bwanji, ndidzawauza kuti maliro timawadziwa kuposa iwo. Timagona pasiwa, timaimba mpaka mbandakucha, amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni, amuna amakumba manda, wofedwa sasiyidwa yekha ngakhale popita kuseri. Anthu a kuno amatumiza khadi. Koma mwambo wathu wonsewo ndi wa amene wafedwa. Palibe amene amapita ndi ufa kunyumba ya mayi amene mwana wake wapulumuka. Timangoti thokozani Mulungu, limbani mtima, ndipo mwanayo akayamba kukuwa usiku timati akulota zoipa, mupemphereni. Akakula n'kukhala wodzidzimukadzidzimuka timati ndi mmene alili.

Tsopano za makapu aja.

Mu 1996, chaka chomwecho, ine ndinali Fomu 1 pasekondale ina ya atsikana yogonera konko, m'chigawo chapakati. Pasukulu yathu ya pulayimale tinasankhidwa atsikana awiri okha, ine ndi mnzanga wa mudzi woyandikana nawo. Tinakhala desiki imodzi kuyambira Sitandade 5. Tinakagula limodzi nsapato za sofiya tsiku la msika, zofanana, zake zazikulu pang'ono. Tinakwera matola amodzi, mathiranki athu atamangidwa ndi chingwe chimodzi, ndipo amayi ake anatipatsa botolo la chiponde kuti tizidya tonse.

Amene munapita ku boding'i mukuidziwa tizing'i. A Fomu 2 ndi amene ankalusa kwambiri, poti mabala awo anali asanapole. Kuyeza kutalika kwa hositelo ndi kamtengo ka machesi, kuzimitsa babu la magetsi ndi mpweya wa pakamwa, kuvina popanda nyimbo, kutsuka mbale za anthu 10. Tinkati ndi mwambo, chaka chamawa tidzabwezera kwa ena. Ine ndinapeza pobisala msanga. Ndinkadziwa kuluka tsitsi, ndiye mtsikana wina wa Fomu 3 ananditenga kukhala mwana wake, ndipo kuyambira pamenepo palibe anandikhudza. Mnzanga analibe luso loti agulitse. Anali wachete, wachibwibwi pang'ono akachita mantha. Zimbudzi zinali panja, ndipo usiku a Fomu 2 ankakonda kudikirira m'njira. Anayamba kuopa kutuluka. Kenako anayamba kukodza pogona.

Anabisa kwa milungu ingapo, ine ndikumuthandiza kutembenuza matiresi m'mawa anthu asanadzuke. Tsiku lina Loweruka anamugwira. Anamusenzetsa matiresiwo pamutu n'kumuyendetsa kuzungulira mahositelo onse mpaka kuholo yodyera, atsikana ambirimbiri ali pambuyo, akuimba, akumenya mbale ndi masipuni. Mayi wanga wa Fomu 3 uja anandipatsa mbale. Ndinailandira. Ndinayenda pagulupo ndipo ndinamenya mbaleyo, mwinanso ndinaimba. Matiresi anali atapindikira kutsogolo n'kumuphimba nkhope, moti ankangoona pansi. Pakona ya holo anatembenuka pang'ono, ndipo ndikudziwa chimene anaona, chifukwa pasukulu yonseyo nsapato za sofiya za mtundu umenewo zinali ziwiri zokha.

Sanandifunse kanthu. Madzulo ake anaika botolo la chiponde pabedi panga, litatsala theka. Teremu yachiwiri itatha sanabwererenso. Kumudzi ankati akudwala mutu wosatha, ndipo chaka chotsatira anakwatiwa. Ine ndinapitiriza, ndinalemba mayeso a Fomu 4, ndinadzafika mpaka kuno kumene ndimakhala m'laibulale yofunda n'kumapereka maganizo anga pa nkhani ya Josie.

Gulu lija sindinaliuze zimenezi. Ndinakhala ola lonse ndikuyankhula ngati Lacy, mayi wodera nkhawa mwana wake, chifukwa mpando umenewo ndi waulemu. Mpando wanga weniweni m'bukumo ndinkaudziwa.

Ndipo apa ndi pamene ndimagwirizana ndi Mayi a mabisiketi, ngakhale tinafikapo podzera njira zosiyana. Peter tikumudziwa chifukwa anatenga mfuti. Akanangosiya sukulu mwakachetechete n'kumadwala mutu, palibe akanalemba masamba opitirira 400 za iye, ndipo ife sitikanakhala pansi kufufuza kuti zinayamba liti. Ana ochuluka amene amavulidwa pagulu sapha munthu. Amangochoka, kapena amakhala pomwepo n'kuzimirira. Sindikunena kuti bukuli ndi loipa. Linandigwira pakhosi, ndipo popanda ilo matiresi aja akanakhalabe kumene ndinawakwirira. Koma limakuphunzitsa kuopa mwana wozunzidwa, pamene mnzanga uja panalibe chomuopera.

Lamlungu lotsatira ndinaimbira achemwali anga kumudzi. Titatha za feteleza ndi za denga la amayi, ndinafunsa za iye. Anati alipo, amagulitsa tomato ndi usipa pamsika wa pa trading, ali ndi ana 5, woyamba ndi mphunzitsi.

"Ukumufuniranji?"

Ndinawafotokozera mwachidule. Anaseka. "Iwe, za ku sekondale? Tonse tinadutsamo. Iyeyo anaiwala kalekale, usadzivute."

Mwina anaiwaladi. Koma achemwali omwewo ndi amene amakonda kunena kuti mlandu suwola, nkhani ikakhala ya malire a munda. Patapita masiku awiri ananditumizira nambala. Ili m'foni mwanga, ndinaisunga ndi dzina limene ndinkamuitana tili Sitandade 5. Kawiri konse ndalemba uthenga n'kufufuta, chifukwa ndikauwerenga ndimaona kuti ndikupempha kuti andipepuze ine katundu, ndipo iye anasenza kale wokwanira.

Mwezi wa Malichi Mayi a mabisiketi sanabwere, ndipo aphunzitsi anati mwezi umenewo sabwera chaka chilichonse, ine ndinali ndisanazindikire. Mu Epulo anabwera ndi chitini chawo, tinakamba za buku lina la ofufuza milandu, anatsutsana ndi aliyense mosangalala.

Mwana wanga ndinamufunsa tsiku lina madzulo ndikuphika nsima. Ufa wa kuno umachokera kusitolo ya amwenye ndipo sugwirana msanga, umafuna kuutakasa nthawi yaitali, choncho ndinali nditamufulatira. Sindinafunse ngati amamuvutitsa, funso limenelo ndinafunsapo kambirimbiri ndipo yankho lake ndi "ayi Mamu" basi. Ndinafunsa kuti kodi m'kalasi mwawo alipo amene amadya yekha pa nthawi ya nkhomaliro.

Anatchula dzina nthawi yomweyo, osaganiza n'komwe, maso ali pa foni.

"Aliyense amamudziwa," anatero. "Amadyera pamasitepe a kuseri kwa labu."

"Nanga iwe umakhala pati?"

Foni inasiya kulira. Ndinamva mpando ukukwekwesa pansi.

"Bwanji Mamu?"

Nsima inali itayamba kuphulika, ndinachepetsa moto n'kupitiriza kuvundula.